Dzanja la Yani?

Mlongo wanga wotsiriza atatsala ndi masabata asanu kuti akwatiwe, abale anandipatsa ntchito ya makhadi oitanira anthu. Sanandifunse n'komwe. Paja pamtundu pakakhala mmodzi amene anapondako ku koleji, chilichonse cha pepala chimakhala chake, kuyambira kalata ya kwa amfumu mpaka timalemba ta pabotolo la mankhwala a nkhumba. Ena anapatsidwa za nkhuni, ena za mpunga ndi mbuzi, ine za zilembo. Mumtima ndinati ndapulumuka, ndipo m'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita pa Nsaru ndikuimba mluzu.

Pa Nsaru, monganso pa Namitete ndi pa Mpingu, simungalephere kupeza kachipinda kamene muli kompyuta imodzi, pulinta, makina a fotokope ndi mnyamata wodziwa zonse. Amene ndinampeza ine anandifunsa asanandipatse n'komwe mpando: "Akulu, ndi za ukwati kapena za maliro?" Nditamuyankha anaseka, nati funsolo n'lamwambo chabe, poti zilembo zake n'zomwezo, chimene amasintha ndi maluwa a m'mphepete. Tsono anatsegula mndandanda wa mitundu ya zilembo, imene iwo amati mafonti, nayamba kundionetsa zimene iye ankazitcha zopendama: Monotype Corsiva, Brush Script, Lucida Handwriting, Edwardian Script. Atafika pa yomalizayi ndinamugwira mkono. Ndinati ima pomwepo.

Amene simunazipenyetsetse zilembo zimenezi, tsiku lina mudzatenge khadi la ukwati, mudzaliyandikitse kumaso. Zonse zimapendamira kumanja ngati chimanga chokunthidwa ndi mphepo ya mvula. Mzere wotsika ndi wonenepa, koma wokwera ndi wowonda ngati ulusi wa kangaude, moti ukaphethira umautaya. Zilembo zing'onozing'ono zimagwirana manja ngati amayi pabwalo la chimtali, pamene zazikulu zoyambira dzina zimatambalala, kupota mchira uku ndi uku ngati nsonga ya dzungu ikamafunafuna pogwira. Dzina la mlongo wanga, limene kwathu timalifuula pomutuma kudambo, linaoneka pagalasi paja ngati la mwana wa mfumu ya kutsidya kwa nyanja. Koma chimene chinandiimitsa si kukongolako ayi. Ndinaona dzanja la atsibweni anga.

Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, anaphunzira kulemba pasukulu ya mishoni cha ku Nambuma dziko lino likali Nyasaland. Anayambira pafumbi ndi chala, kenaka sileti, kenaka peni ya nibu yoviika m'kabotolo ka inki. Sukulu sanapite nayo patali, koma anatulukako ndi chuma chimodzi chimene palibe akanawalanda, ndicho dzanja. M'zaka za m'ma 1960, pamene amuna a kwathu ankapita ndi Wenela kumigodi ya ku Joni, ena ku Salisbury ndi ku Wankie, akazi otsala ankabwera pakhonde pa atsibweni atatenga pepala, envulopu ndi kambale ka mtedza kapena mazira awiri. Mkazi amanena, iwo amalemba. Yankho likafika, mkazi yemweyo amabweranso kudzaliwerengetsa. Ntchitoyi inachepa mu 1974, chaka chimene ndege inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi, Kamuzu n'kuletsa Wenela kulemba anthu kuno. Komabe dzanja lija silinagone. Linapitiriza kulemba buku la mphakati, mayina a opereka chipepeso pamaliro, ndi makalata a milandu ya minda.

Ine ndinakula ndikuwaonerera, poti nthawi ya tchuthi amayi ankanditumiza kwao kumene anali pa chikamwini, kupitirira kwa Kabudula. Bolopeni inali itadzaza kale m'magolosale onse, koma iwo ankainyoza. Ankati imayankhula ndi liwu limodzi, yosadziwa kukweza kapena kutsitsa. Tsiku lina anandionetsa chinsinsi cha nibu. Kansonga kake n'kong'ambika pakati. Ukamatsika umakanikiza pang'ono, mano ake awiri amatseguka, inki imatuluka yambiri. Ukamakwera umapepuza dzanja, manowo amatsekana, n'kutsala kamzere kakang'onong'ono. Ukayerekeza kukanikiza pokwera, nibu imakola pepala, inki n'kuwazika, kalata yonse n'kuonongeka. Ndinayesa kasanu, ndinawaonongera mapepala asanu, ndipo anandilanda peniyo nandipatsa khasu. Tsono kunenepa ndi kuwonda kumene ndinaona pakompyuta kuja ndi mapazi a chida chimenechi, chida chimene mnyamata wa pa Nsaru uja sanachigwirepo.

Pambuyo pake ndinatsatira mapaziwo kuti ndione kumene anachokera, ndipo ndinakatulukira m'nyumba za amalonda. Ku England m'zaka za m'ma 1700 kunali akatswiri a kalembedwe amene ankaphunzitsa anyamata ofuna ukalaliki m'makampani a zombo ndi m'mabanki. Zitsanzo zawo zinkazokotedwa pamapale a mkuwa kuti zisindikizidwe, ndipo George Bickham wa ku London anasonkhanitsa zambiri m'buku lotchedwa The Universal Penman, limene linayamba kutuluka m'zigawozigawo mu 1733. Akalewo ankalemba ndi nthenga ya tsekwe. Nibu yachitsulo inadzafala patapita zaka ngati 100, kuchokera m'mafakitale a ku Birmingham. Dzanja limenelo ndi limene linalemba ngongole, misonkho ndi mapangano kulikonse kumene Angerezi anafika. Ngakhale Afalansa, kumene kunachokera ansembe ambiri oyamba a mishoni za Katolika m'dziko muno, ankaliphunzitsa m'sukulu zao nalitcha lachingerezi. Chotero kudzera m'makope a ana asukulu linatsetsereka, kutaya michira ina panjira, mpaka kufika pakhonde lija.

Osindikiza mabuku nawo akhala akusirira dzanja la munthu kuyambira pachiyambi. Gutenberg, posindikiza Baibulo lake ku Mainz cha m'ma 1455, anatsanzira kalembedwe ka alembi a nthawi yake. Zilembo zopendama wamba zimene timalembera mitu ya mabuku zinayamba ku Venice mu 1501, nazonso zotengera dzanja. Koma zolumikizana zowonda zija zinawavutitsa zaka zambiri, chifukwa chilembo chilichonse chinali pakachitsulo kake, ndipo timichira tija tinkathyoka kapena kusiya mpata polumikizira. Zinthu zinapepuka m'zaka za m'ma 1960, atayamba kusanja zilembo ndi kuwala ngati mmene amajambulira chithunzi. Ndi nthawi imene Matthew Carter anakonza mtundu wotchedwa Snell Roundhand. Edwardian Script imene ndinasankha ine inajambulidwa ndi Ed Benguiat wa ku New York mu 1994, n'kulowa m'makompyuta ambirimbiri pamodzi ndi mapologalamu a Microsoft. Ndipotu ana a kumudzi tinali titazolowera kale dzanja la kalaliki osadziwa, poti dzina la Coca-Cola lija pabotolo amati analilemba ndi Frank Robinson, wosunga mabuku a ndalama wa ku Atlanta, m'zaka za m'ma 1880.

Tibwerere pa Nsaru, poti mavuto anayambira pomwepo. Mnyamata uja anafuna kulemekeza akwati polemba mayina ao onse m'zilembo zazikulu zokhazokha. Chimene chinatuluka chinali chitsamba cha minga, michira kukolanakolana, palibe akanawerenga. Zilembo zazikulu za mtundu umenewu zinapangidwa kuti zizikhala imodzi kutsogolo, zinzake zing'onozing'ono n'kumatsatira. Ukaziika khumi pamodzi zili ngati mafumu khumi pamphasa imodzi. Titakonza zimenezo, Chichewa chenichenicho chinayamba kukana. Chiyankhulo chathu n'chodzala ndi m, n, u ndi w, ndipo m'dzanja lolumikizana zilembo zinayi zimenezi ndi timizere tokwera ndi kutsika tofanana. Mawu ngati mwamuna, munamuuza, ngakhale Nambuma weniweniyo, ankaoneka ngati mizere ya m'munda wa fodya ukaiyang'ana chopingasa, moti umayenera kuwerenga mitumbira ndi chala kuti udziwe pamene m wathera.

Kenaka panabwera nkhani ya Loŵeruka. Ndinkadziwa kuti atsibweni salemba liwu limeneli popanda kachipewa pamwamba pa w, monga anaphunzirira. Tinakafunafuna chilembocho mpaka tinachipeza, koma titachiika chinatuluka choima chilili, chonenepa, cha mtundu wina, ngati wapolisi pakati pa ovina. M'fonti ya pakompyuta imeneyo munalibe ŵ. Sindikuwadzudzula amene anaikonza. Ku Ulaya chilembochi chimadziwika kwambiri m'chiyankhulo cha ku Wales, ndipo za ku Nsaru analibe nazo ganizo. Tinachotsa kachipewako, ndipo mnyamata uja anati palibe angaone.

Khadi loyamba nditafika nalo kunyumba, amayi analiyandikiza panyali, kulitalikitsa, kuliyandikizanso. Inki m'pulinta inali itayamba kuchepa, timizere towonda tija tinali titadukaduka. Anati nyerere zako zathothoka miyendo. Mawa lake ndinabwerera kukasintha: mayina a akwati ndi mawu oitanira anakhala opendama, koma tsiku, nthawi ndi malo tinazilemba m'zilembo zoima, zakuda bii. Panjira ndinaganiza kuti zimenezi anthu anazidziwa kalekale osauzidwa ndi munthu. Nambala ya mlimi pabelo la fodya lopita ku Kanengo siipota mchira. Botolo la mankhwala la kuchipatala cha St Gabriel's ku Namitete silipendama, ngakhalenso chikwangwani cha pamseu wa ku Mchinji. Pamene kuphonya chilembo chimodzi kungakutayitse ndalama kapena moyo, zilembo zimaima njo. Zopendamazi timazisungira satifiketi, khadi la ukwati, pologalamu ya maliro ndi ya chiliza, malo amene pepala likufunika kugwada lisanayankhule.

Makhadi onse atatuluka, 120, ndinasankha loyera bwino koposa, n'kulipatsira mnyamata wa njinga yamoto kuti akapereke kwa atsibweni. Za ukwati ankazidziwa kale, paja ndi eni mbumba, ngakhale kuti kaamba ka ukalamba zoyendayenda za unkhoswe anazisiyira mng'ono wao. Khadilo linali ulemu chabe, komanso kunyada kwanga. Ndinkayembekezera uthenga wondiyamikira.

Sabata inatha zii. Pamsonkhano wa abale wokonzekera ukwati sanabwere, anangotumiza mawu oti mwendo ukuwawa. Amayi atamva anapukusa mutu. Anati, "Mwendo umenewo ndakula nawo, ndikuudziwa. Umawawa mtima ukapsa. Pita ukamve chimene wawalakwira."

Ndinawapeza pakhonde, ali chete. Tinalonjerana, anafunsa za aliyense mpaka za nkhumba, koma za khadi ayi. Dzuwa litapendeka m'pamene analowa m'nyumba, natuluka ndi buku lao la mapemphero, nasolola khadi lija pakati pake. Anavala magalasi ao omanga ndi ulusi mbali imodzi.

"Mphwanga, walemba apa ndani?"

Ndinayamba kutchula za mnyamata wa pa Nsaru, koma anandidula.

"Ndi mwana wa yani? Anaphunzira kwa yani? Dzanja lotere kuno ndinali ndisanalionepo." Anakhala kanthawi. "Mwachita bwino kupeza wina. Langa latha, ndikudziwa. Koma mukanandiuza ndi pakamwa."

Anatambasula dzanja lao lamanja pabondo, ndipo ndinaona chimene ndinali ndisanafune kuchiona, kuti linkanjenjemera ngati tsamba. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa. Munthu amene analembera mudzi wonse zaka makumi anayi anaganiza kuti paukwati wa mdzukulu wa mayi ake omubereka, mbumba yake yomwe inakalemba ganyu mlembi wina wodziwa kuposa iye, n'kumutumizira umboni wake panjinga yamoto.

Ndinafotokoza kuti palibe munthu anagwira peni, kuti zilembozo zimakhala kale m'makina, iwe umangodina. Poyamba anaganiza kuti ndikuwatonthoza. Kenaka anayandikiza khadilo kumaso, nayamba kuloza ndi chala a aliyense amene anali pamenepo, mmodzimmodzi, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Atamaliza anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye chake! Ndinadabwa ine. Onsewa ndi mapasa. Inki siinamuthere pena paliponse. Munthu ameneyu sapuma, sayetsemula, palibe mwana anamugunda chigongono. Ndagona masiku asanu ndikumuopa, osadziwa kuti ndikuopa chithunzithunzi."

Ndinadzamva pambuyo pake kuti akatswiri a zilembo vuto limeneli amalidziwa bwino. Hermann Zapf wa ku Germany, pokonza mtundu wake wotchedwa Zapfino umene unatuluka mu 1998, anajambula chilembo chimodzimodzi m'maonekedwe angapo, kuti a wa pano asafanane ndi a wa apo. Ndi ntchito yaikulu ndithu, yonseyo yofuna kubisa chimene nkhalamba ina inachitulukira ndi chala ndi magalasi omanga ndi ulusi.

Poona kuti mtima wao watsika, ndinafuna kuwonjezera mchere. Ndinati dzanja lenileni ndi lao, ili la m'makina n'labodza. Ndinayesa kuti akondwa, koma anandiyang'ana ngati mmene anandiyang'anira tsiku limene ndinawaonongera mapepala.

"Langa liti? Ndinabadwa nalo? Ndinapatsidwa ndi mphunzitsi, ndi mkwapulo pamwamba, iyenso anapatsidwa ndi azungu. Ndipo mawu amene ndinkalemba sanali anga." Anandiuza za mkazi wina, osamutchula dzina, amene mwamuna wake anakhala ku Joni zaka zitatu osatumiza ngakhale bulangete. Mkaziyo ankabwera atakwiya, kutukwana mwamunayo ndi mtundu wake wonse, kuti zonsezo zilembedwe. Iwo ankagwedeza mutu, nibu ikuyenda, koma papepala pankatsika zakuti ana ali bwino, denga likudontha, tikukumbukirani masiku onse. "Mwamunayo anabwerako, ukwati unakhala. Makalata anga ankawasunga m'thumba la pamtima, akati akuona nkhope ya mkazi wake, chonsecho akuona dzanja la mwamuna mnzake. Tsono wabodza ndani, ine kapena makina akowo?"

Ndinasowa poyankha, ndipo mpaka lero sindinapeze. Ndinapita kumeneko ndili ndi chiweruzo chokonzeka m'thumba, chakuti zilembo zopendamazi ndi chinyengo, zovala za munthu wakufa zimene tikubwerekana. Koma dzanja lobwereka si lachilendo kwathu kuno. Agogo athu anatumiza chikondi ndi madandaulo ao ku Joni m'dzanja lobwereka. Ndiponso kale khadi losindikiza linkafuna ulendo wa ku Likuni kapena kutauni ndi ndalama zimene mlimi wa mtedza analibe, pamene lero mwana wa mlimi yemweyo dzina lake likupota mchira ngati la mwana wa nduna. Zimenezo sindingazinyoze. Chokhacho chimene atsibweni anaonjezera, akupinda magalasi, n'chakuti iwo polemba ankamumva mkazi uja akulira.

Kenaka analozanso pakhadi, pamzere wa timadontho umene tinasiya pamwamba. Anafunsa kuti apa padzalemba ndani. Ndinati ndine, ndidzalemba mayina a oitanidwa usiku umodzi. Anati dzanja langa amalidziwa, ndi lija la nkhuku yopalasa, ndipo ndikatenge makhadi onse ndibwere nawo.

Ndinabwera nawo m'mawa mwake. Peni ya nibu ija tinaipeza m'sutikesi itachita dzimbiri, ndipo inki ya m'botolo m'magolosale a kumeneko munalibe. Anatenga bolopeni yanga, naiyang'ana monyansidwa, nayamba. Ine ndinkawerenga mayina pamndandanda, iwo n'kumalemba atatsamiritsa khadi pabuku la mapemphero, dzanja lamanzere litagwira lamanja pamkono kuti lisathawe. Dzina limodzi linkatenga nthawi yophikira tiyi. Ena ankawakana kulemba mmene ndinawatchulira, ankati munthu wamkulu saitanidwa ndi dzina la paubwana, nalemba la mfunda. Mizere inatuluka yokhotakhota, yonenepa mofanana monga mwa bolopeni, koma kupendama kunali komwe kuja, ndipo chilembo chachikulu chilichonse chinapotabe mchira wake, ngakhale monjenjemera. Ntchitoyo inatha masiku atatu. Tsiku lachiwiri ndinaona kuti akamaliza dzina sakuika khadi pansi msanga, akutsika kaye pamunsi n'kudontheza kanthu. Ankaveka Loŵeruka aliyense kachipewa kake, makhadi onse 120.

Ena mwa makhadiwo ndinagawa ndekha. Limodzi linali la gogo wina wa mudzi woyandikana ndi kwathu, amene sanapiteko kusukulu ngakhale tsiku limodzi. Ndinagwada, n'kumupatsa ndi manja awiri, ndikukonzeka kumuwerengera. Iye analitembenuza, naliyang'anitsitsa pamwamba paja, pamzere wa timadontho.

"Awa ndi atsibweni ako," anatero. "Akali moyo?"

Ndinavomera. Anadzuka movutikira, nalowa m'nyumba, ndipo ndinamva chivindikiro cha bokosi lachitsulo chikulira. Anatuluka ndi kamtolo ka makalata ofiirira omanga ndi luzi, amene malemu amuna ake anabwera nawo kuchokera kumigodi. Anamasula imodzi, naiika pambali pa khadi lija pamphasa, nayendetsa chala pa chilembo choyamba cha uku ndi cha uku. Atakhutira anandibwezera khadilo, naloza zilembo zokongola za Ed Benguiat zija, nati, "Tsono izi zinazi zikuti chiyani?"